Lichero la Dotolo Vitorino

"Werenganso, mwina makutu anga agontha ndi utsi wa nsomba," anatero Rabeca, mpeni wotumbulira milamba uli m'manja. "Dzina la mwana wanga lili pati papepalapo?"

Vitorino, mlongo wake wamng'ono, anakonza magalasi ngakhale kuti sanapendekeke. Anali atakhala pampando umodzi wokhawo wa pakhomopo, chipepala chili pamaondo. Zaka zinayi anakhala kuyunivesite ku Nampula akuphunzira kayendetsedwe ka ndalama za munthu ndi banja lake, ndipo tsopano kwawo ku Entre Lagos konse, pamalire ndi Malawi, ankamutchula kuti Dotolo, monga amatchulidwira aliyense wobwerako ndi digiri, ngakhale asadziwe kubaya jakisoni ndi nkhuku yomwe.

"Mana, pulano si kalata ya moni yoti alowemo aliyense," anayankha, akumutchula mlongo wake wamkuluyo mwa Chipwitikizi. "Tamverani bwino. Januwale ndiyamba ntchito ku Cuamba. Chaka choyamba, njinga yamoto. Chachiwiri, malo a nyumba. Chachitatu, simenti ndi malata. Chachinayi..."

"Vanda."

"Ndikufika kumeneko."

"Unafika kale chaka chachisanu, Vito, ndipo unamudumpha. Mwana wakhoza setima, kalasi yomaliza ya pulayimale, woyamba pa atsikana onse. Malo a sekondale yogonera komweko ku Cuamba akumudikira. Tsiku lomwe unkakwera sitima unandigwira dzanja pasiteshoni apo, unati, mana, inu ndiphunzitseni, ine ndidzaphunzitsa Vanda. Kapena anali munthu wina?"

"Nthawi imeneyo ndinali ndisanaphunzire," anatero Dotolo, m'maso muli gwa. "Ndalama umaithira pamene idzabereke. Mwana wamkazi mumulipirira lero, chaka chamawa abwera ndi pakati, zonse zalowa m'madzi."

"Ine ndinathira pa mwana wamwamuna. Chabereka n'chiyani?"

Vitorino ananamizira kusamva. Anapinda pepala lija n'kutsitsa mawu, ngati munthu wobweretsa nkhani yabwino.

"Vanda sindinamuiwale ayi. A Armindo, a sitolo ija ya pafupi ndi njanji, andilankhula. Akumufuna. Adzadya bwino, adzavala bwino, inunso mudzapuma."

Mpeni unagwa m'beseni. Armindo anali ndi mkazi ndi ana asanu, ndipo mwana wake woyamba ankakhala benchi imodzi ndi Vanda m'kalasi.

"Mwanayu ali ndi zaka khumi ndi zinayi!"

"Inu munakwatiwa muli ndi zingati?"

"Khumi ndi zisanu, kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi kuja, amayi titangowaika m'manda, kuti iwe upeze wokugulira makope. Mwamunayo ali kuti lero? Wamuona pakhomo pano chibwerereni?"

"Zakale zimenezo, mana. Malume wa mwanayu ndine, mwinimbumba ndine, ndipo ndavomera kale. Vuto lanu inu ndi limodzi, simudziwa kusunga. Zaka zonsezi mwakhala mukupalasa njinga kukapikula nsomba ku Chiuta, mukanakhala ndi buku la kubanki bwenzi lero simukundilirira ine. Koma ayi, ukwati uliwonse ndinu woyamba kuponya ndalama, maliro aliwonse ndinu woyamba ndi thumba la ufa, unyago, chinamwali cha ana a eni ake, muli pomwepo. Kumwaza kumeneko ndinakulemba m'buku langa lomalizira maphunziro, ndipo aphunzitsi anandiombera m'manja."

"Unandilemba ine?"

"Dzina ndinasintha."

Anapitiriza, poti munthu wokomedwa ndi mawu ake saona nkhope ya mnzake. Iye ndi bwenzi lake Ivete anali atasaina kale kuboma ku Nampula, koma madyerero a ukwati anawafuna konkuno, Loweruka la Khirisimasi isanafike. Ku Nampula ukwati umadya mwini wake, iye anatero, pamene kuno anthu anabwera ndi mwambo wa perekaniperekani kuchokera ku Malawi, wovina n'kumaponya ndalama m'lichero. Anali atawerengera zonse: anthu mazana atatu, aliyense kuponya pang'ono, ukwati udzilipira wokha ndipo patsala theka la njinga yamoto. Mpunga, zakumwa, jenereta ndi zokuzira mawu, zonse Armindo anali atavomera kupereka pangongole.

"Pangongole," anabwereza Rabeca pang'onopang'ono. "Chikole chake n'chiyani?"

Vitorino anayang'ana nsapato zake.

Pamenepo Rabeca anamva mkwiyo umene anali asanaumvepo, woposa wa tsiku limene mwamuna wake anakana kuwoloka nawo malire. Akanakhala mkazi wina bwenzi atagubuduzira beseni la matumbo a nsomba pa malaya oyera aja. Iye anangotola mpeni wake n'kupukuta pa kapulana, chitenje chake cha m'chiuno.

"Chabwino, Dotolo. Ndiphika."

Vitorino ananyamuka akuimba mluzu. Kuphunzira konse kuja, anali asanaphunzire kuopa mlongo wake akayankha mwaulemu.

Vanda anatulukira kuseri kwa nyumba, kumene ankatsuka mbale, maso ali psuu. Anali atamva zonse.

"Amayi, ndikwatiwadi ndi bambo ake a mnzanga?"

"Pukuta m'masomo. Zovala zako za kusukulu uzichape, uzisite, uziike pansi penipeni pa sutikesi. Amalume ako akakupatsa moni uziyankha bwino."

M'mawa mwake Rabeca anakwera njinga kupita ku Chiuta, dengu lili lopanda kanthu. Mvula yoyamba inali itagwa ndipo matope ankamata matayala, moti malo ena ankachita kuikankha. Anakapeza Anisa, mnzake womugulitsa nsomba, akutembenuza milamba pa waya, ndipo anamufotokozera zonse osasiyako.

"Walahi, mwana uja?" anadabwa Anisa. "Uja ankabwera kuno kabudula ali wong'ambika kumbuyo, ife n'kumamuponyera tinsomba? Ndiye ukufuna tisabwere ku ukwatiwo?"

"Mubwere. Mubwere nonse, muvale bwino, ndalama zili m'manja."

"Nanga ndiye chiyani?"

"Tandiuza, Anisa. Anthu akamadzaponya tsiku limenelo, adzaponyera ndani? Vito anathirapo dothi pa maliro a yani kuno? Anavinapo pa ukwati wa yani?"

"Wa yani? Tikudziwa iwe. Pa unyago wa Mastura wanga unaponya mpaka unabwerera pansi, ya shapa, minibasi ija, itatha. Aliyense akudziwa kuti tikubweza zako."

"Basi. Iye akuti ndinamwaza. Ine ndikuti ndinasungitsa, ndipo tsopano ndabwera kudzatapa."

Anisa atamva mmene Rabeca ankafunira kuti zidzayendere, anaseka mpaka kutsokomola ndi utsi. Kenaka anamuyang'ana mnzakeyo.

"Koma Rabeca, bwanji tingosonkha mwakachetechete, tikupatse, mwana apite kusukulu? Ameneyu ndi wa bere limodzi ndi iwe. Ukamuvula pagulu, apongozi ake akuona, sadzakupatsanso moni."

"Mwakachetechete anagulitsa mwana wanga. Mwakachetechete anandilemba m'buku kuti anthu a ku Nampula azindiseka. Ine zanga ndichita masana, aliyense akuona. Sindikubisira, Anisa, sukulu yokha siindikwanira. Ndikufuna amve kuwawa."

Masabata atatu amenewo Rabeca anayenda ngati wamisala. Anafika kwa amayi a mpunga, kwa azibambo osintha ndalama, makwacha ndi makonto, pachipata cha malire, kumpingo, ngakhale kwa anzake a kumsasa kuja amene anatsalira ku Nayuchi, tsidya la Malawi. Ku Insaca anapita kawiri. Vitorino ankamuona akubwera atatopa, miyendo ili mbuu, n'kumauza anthu kuti mana wake wayamba kumvetsa zinthu. Anamuyamikanso kuti akuitana anthu ambiri kuposa amene anali papepala.

Chodabwitsa n'chakuti nkhaniyo inayenda m'makomo oposa zana koma sinamufike Dotolo. Akanakhala munthu wokhala pansi ndi anthu bwenzi wina atamutsina khutu. Koma iye ankadutsa pamsika dzanja limodzi lili m'thumba, moni wake uli wa Chipwitikizi.

Tsiku linafika. Pabwalo panamangidwa chisakasa cha malona, jenereta ya Armindo inkalira kuseri, ndipo fungo la mpunga ndi nyama yambuzi linafika mpaka kusiteshoni. Akwati anakhala kutsogolo. Ivete anali mtsikana wofatsa, wosamva Chinyanja kupatula moni, ndipo ankamwetulira aliyense. Patsogolo pawo panaikidwa lichero latsopano, lalikulu kwambiri, limene Vitorino anachita kusankha yekha. Armindo anakhala pampando wa alendo olemekezeka, mimba ili patsogolo, maso akusakasaka kumene kunali atsikana.

Anthu atadya, Tobiasi, wolengeza wa maukwati onse a m'deralo, anagwira chokuzira mawu.

"Yafika nthawi ija! Amene wabwera ndi manja okha akathandize kutsuka miphika! Tiyambe ndi akuchikazi, alendo athu a ku Nampula!"

Anaimirira anthu atatu, n'kuponya mwamanyazi. Kenaka anaitanidwa anzake a Dotolo a kuyunivesite, anyamata awiri a mataye, amene anavina kwambiri koma n'kuponya zochepa. Pansi pa lichero pankaonekabe. Vitorino sanade nkhawa, ankadziwa kuti zenizeni zikubwera.

"Tsopano amayi a nsomba a ku Chiuta! Tiwaone!"

Anadzuka amayi oposa makumi atatu, atavala kapulana wofanana, Anisa ali patsogolo. Ankavina pang'onopang'ono, ndalama zili m'mwamba. Vitorino anakankhira lichero patsogolo ndi nsonga ya nsapato. Anisa anafika palicheropo, anagwada mwaulemu, anadzuka, n'kudutsa.

Nthawi yomweyo Rabeca anatuluka m'nyumba atagwira dzanja la Vanda. Mtsikanayo anali atavala zovala za kusukulu zositidwa bwino, kope lili pachifuwa. Mayi ake anayala kapulana pansi, pakati penipeni pa bwalo, n'kumuimika pamenepo. Amayi a ku Chiuta anamuzungulira, ndipo ndalama zinayamba kugwa pamapazi pake, nthungululu zili pakamwa.

"Amayi, mwasochera! Lichero lili uku!" anakuwa Tobiasi, amene ankadziwa zonse ndipo zake zoti aponyere Vanda zinali kale m'thumba la malaya. "Chabwino, tiyese ena. Amayi a mpunga!"

Amayi a mpunga anagwadira lichero n'kudutsa. Azibambo a pachipata anavulira lichero zipewa n'kudutsa. A ku Nayuchi anadutsa ndi makwacha awo. Kumwetulira kwa Dotolo kunauma pang'onopang'ono, thukuta linayamba kutsika m'khosi, ndipo gulu lachisanu litadutsa analumpha n'kulanda chokuzira mawu.

"Kodi mwapenga? Ukwati uno ndi wanga! Mwadya mpunga wanga, mwamwa zakumwa zanga!"

"Ukwati ndi wanu, Dotolo, sitikukana," anayankha Anisa, manja ali m'chiuno. "Koma ndalamazi si zanu. Pa unyago wa mwana wanga munaponya ndinu?"

"Mkazi wanga atamwalira, ufa unachokera kwa mlongo wanuyu," anatero bambo wina wachikulire. "Inu sindikudziwani. Ndimangomva kuti mumavala magalasi."

Anthu anaseka. Rabeca sanafune chokuzira mawu, mawu ake ankamveka kale kuyambira kumsika.

"Abale anga, mlongo wangayu ndamuphunzitsa ndi nsomba zimene mumandiona nazo. Wabwerako ndi nzeru zambiri. Akuti ine ndimamwaza ndalama pa inu. Akutinso mwana wamkazi sabereka phindu, ndiye mpunga mwadyawu wautenga pangongole kwa a Armindo, chikole chake n'kukhala mwana mukumuonayu. Funsani, onse awiri ali pompano."

Kenaka kumbuyo kunadzuka mayi wina wonenepa, mkazi wa Armindo. Anayenda osavina, anamasula mfundo ya kapulana wake, n'kutulutsa mpukutu wa ndalama umene aliyense anadziwa kuti wachokera m'kabati ya sitolo. Anauika m'manja mwa Vanda, n'kutembenukira mwamuna wake.

"Izi ndi za makope a mkazi mnzanga," anatero. "Zotsalazo tikakambirana kunyumba."

Phokoso limene linabuka pamenepo linamveka mpaka tsidya la malire. Armindo anadzuka nkhope ili gwaa, anapita kuseri n'kuzimitsa jenereta yake, ndipo analamula kuti makireti otsala abwerere kusitolo. Nyimbo zitazima, amayi anapitiriza ndi m'manja. Armindo anamugwira Vitorino pakolala, alendo a ku Nampula akuona.

"Zanga ndikuzifuna lero. Pepala unasaina lili kwa ine."

Ivete ankafunsa uku ndi uku kuti chachitika n'chiyani, mpaka Tobiasi anamufotokozera m'Chipwitikizi. Mkwatibwiyo anamuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali. Mphepo ya mvula inali itayamba kuuluza ndalama za pa kapulana paja. Iye anadzuka, anakwinya diresi lake loyera, n'kugwada m'fumbi kuthandiza Vanda kutola.

Rabeca anaona zonsezi, ndipo tisaname, mtima wake unakoma. Unakoma pamene Armindo ankavula mlongo wake wotchi ndi jekete, unakomanso pamene anakhuthula tindalama ta m'lichero tija n'kunena kuti malipiro a Vitorino a miyezi itatu yoyamba ndi ake. Ankayembekeza kuti chisoni chimugwira, koma tsiku limenelo sichinabwere.

Lachiwiri lotsatira kunali sitima yopita ku Cuamba. Rabeca ndi Vanda anafika pasiteshoni m'mamawa kuti akalembetse malo a sukulu asanatengedwe ndi ena. Ndalama zinali zokwana chaka chonse ndi china, zitamangidwa m'chiuno mwa Rabeca, mkati mwa kapulana wachiwiri. Pansi pa mtengo anapezapo Vitorino ndi Ivete atakhalira sutikesi. Alendo a ku Nampula anali atanyamuka kale Lamlungu osatsanzika, ndipo masiku atatu amenewo Dotolo anagogoda makomo ambiri kufuna wom'bwereka ya ulendo. Aliyense ankamuuza kuti zonse anaponya ku ukwati.

Anadzuka n'kubwera kwa mlongo wake, akuyenda ngati wodwala malungo. Ndevu zinali zitamera ndipo magalasi anali m'thumba.

"Mana."

"Dotolo."

"Mwandichititsa manyazi okwanira. Ndikungopempha ya matikiti awiri. Ndikapanda kukaonekera kuofesi sabata ino kukasaina, malo aja apatsa wina. Ndidzabweza."

"Zili pachaka chiti papulano paja?"

"Mana, chonde. Ndine mlongo wanu."

Rabeca anapita pawindo la matikiti n'kugula atatu. Imodzi anapatsa Vanda, ina anasunga, yachitatu anakaika m'manja mwa Ivete.

"Mlamu wanga sanandilakwire. Akwere, ndi sutikesi yomwe."

"Nanga ine?"

Rabeca analoza njanji, kumene inkalowera kum'mawa pakati pa minda.

"Njira ndi imeneyo, siisocheretsa. Iwe sukukumbukira, unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku limene anapha atate kufupi ndi Cuamba, amayi anasenza mtolo, ine ndinabereka iwe. Masiku atatu m'njanji yomweyi, mapazi ako atatupa, ukundilirira m'khutu kuti mana usandisiye. Sindinakutsitse mpaka pano taimapa. Ndinakubweretsa kumsana, Vito. Pobwerera uyende ndi miyendo yako."

Vitorino anatembenukira mkazi wake. Ivete anamuyang'ana, anayang'ana tikiti, kenaka ananyamula sutikesi n'kukwera.

Sitima inalira n'kuyamba kukoka. Rabeca anakhala chopenya kutsogolo, manja atagwira mfundo ya m'chiuno. Vanda ndiye anatulutsa mutu pawindo, n'kukhala choncho mpaka siteshoni itayamba kuchepa.

"Amayi, amalume ayamba kuyenda."

Rabeca anangolimbitsa mfundo ija.

"Akutitsatira. Akuyenda pakati penipeni pa njanji."

"Chitsiru," anatero Rabeca chapansipansi. "Pakati pali miyala, afika mapazi atatha. Munthu amayenda m'mbali."

"Ndiwakuwire?"

Rabeca anapukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana, n'kumukoka mwanayo pa siketi.

"Khala pansi. Adziwa yekha."